Madola 68 aja sanali misala

Pa 26 May 2024, Lamlungu masana, Ronald Acuña Jr., outfielder (wosewera kumapeto kwa bwalo) wa timu ya baseball ya Atlanta Braves, anagwa pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu ku Pittsburgh, manja ali pabondo lamanzere. Pofika usiku Atlanta Braves inalengeza kuti mtsempha wa m'bondo wotchedwa ACL waduka, chaka chake chathera pomwepo. Pa gulu la pafoni la ligi yathu ya fantasy baseball panabuka chisangalalo choipa. "Madola 68! Pepani bambo, tidzakhuza mawa." Wina anatumiza kachithunzi ka ndalama zikuyaka moto. Zonsezo zinkapita kwa munthu mmodzi, wamkulu kuposa tonse m'ligimo, amene ndizingowatchula kuti Achikulire. Ndiwo anagula Acuña pa madola 68 pa okushoni ya ligi yathu mu March.

Iwo anangoyankha kuti, "Amene ali ndi outfielder wogulitsa andipeze." Basi.

Nkhaniyi ikundikanikabe kuitaya, chifukwa anzanga anagwirizana tsiku lomwelo kuti bondo lija latsimikiza zimene ankanena mu March, zoti Achikulire anamwaza ndalama. Ine ndimakana mpaka lero. Mwa mitengo yonse imene inatchulidwa pa okushoni ya chaka chimenecho, wa Acuña unali mwa yanzeru. Mtengo wopusa weniweni unabwera patapita ola limodzi, ndipo palibe anauseka.

## Kwa inu a FPL

Ambiri a inu mumasewera FPL (Fantasy Premier League), ndiye sindiyambira kutali. Kumeneko mtengo amaika ndi eni masewera, ndipo Haaland yemweyo amapezeka m'matimu a anthu mamiliyoni. Mu ligi ya baseball ya okushoni wosewera aliyense ali ndi mwini mmodzi, ndipo mtengo wake umatuluka m'kamwa mwa anthu 12 amene akhala m'chipinda chimodzi. Aliyense amabwera ndi $260 zongoyerekeza kuti agule osewera 23, omenya 14 ndi oponya 9. Masewerawa anayamba ndi Daniel Okrent ndi anzake mu 1980 ku New York, akukumana pa lesitilanti ya La Rotisserie Française, n'chifukwa chake ena amangowatchula kuti roto.

Yathu ndi keeper league. Sizoni ikatha ukhoza kusunga osewera 7, mtengo wa aliyense n'kukwera ndi $5 pachaka. Akakwanitsa zaka zitatu m'manja mwako amabwerera kumsika, ufune usafune. Acuña anabwerera choncho, ndipo anabwerera pa nthawi yoopsa: anali atangomenya ma home run 41 (kumenya mpira kudutsa mpanda) n'kuba ma base 73 (kuthamangira base yotsatira mpira usanamenyedwe) mu 2023, chinthu chimene palibe anachitapo m'mbiri ya baseball, n'kutenga MVP, mphoto ya wosewera wopambana onse, ndi mavoti onse.

## Loweruka la mu March

Timakumana m'chipinda cha pansi pa nyumba ya wapampando wa ligi, kuno ku Indiana, kufupi ndi South Bend. Zipewa zambiri m'chipindamo ndi za Chicago Cubs, ziwiri za Detroit Tigers, ndi chimodzi cha White Sox chimene mwini wake sankadziwa kuti chaka chimenecho timu yake igonja masewera 121. Pakhoma pamakhala bolodi yoyera yolembapo ndalama zotsala za aliyense. Wogulitsa ndi neba wa wapampando, mphunzitsi wa mawu okuluwika, amene amamenya tebulo ndi mthiko. "Kamodzi. Kawiri. Wapita!"

Osewera awiri oyamba anali wamba, oyesera madzi. Kenako inafika nthawi ya Achikulire yotchula dzina.

"Acuña. Madola 45."

M'chipinda munati zii. Mwambo wake ndi woti umayambira pa dola imodzi, anthu aziwotha pang'onopang'ono. Komanso aliyense anaphunzitsidwa kuti wosewera amene ukumufuna usamutchule wekha, uzitchula amene sukuwafuna kuti anzako athe ndalama. Achikulire anaphwanya zonse ziwiri ndi mpweya umodzi.

Wina anati 46. Wina 48. Pa 50 panali kachizengerezo, kenako panatseguka. Pepala langa linkati Acuña ndi wa $52, ndipo mapepala a anzanga sanali kutali ndi pamenepo, chifukwa tonse timadyera m'mbale zofanana za pa intaneti. Pofika 55, anthu asanu ndi atatu anali atatsamira kumbuyo, manja ali pachifuwa. Mnyamata wina amene amabwera ndi laputopu yodzaza ndi manambala, tizimutchula kuti Walaputopu, analimbikira mpaka 57 n'kunena mokweza kuti onse amve, "Ine ndalekera pano. Apa mukungopikisana ukulu." Anatsala awiri, Achikulire ndi mayi wina wa chipewa cha Tigers. 60. 61. 63. 64. Mayiyo anayang'ana bolodi kwa kanthawi, n'kuti 65.

"68," anatero Achikulire, osakweza ngakhale mutu.

Mthiko unagunda. Kenako phwete. Wina anawomba m'manja monyogodola. Wapampando, akulemba pa bolodi, anafunsa, "Bambo, ena 15 aja muwagula ndi chiyani, mapemphero?" Achikulire anali atasunga osewera 7 pa $71, ndiye Acuña atapita anatsala ndi $121.

Pa nthawi yopuma ndinawapeza pa masitepe akudya pizza yozizira. Ndinati, "Achikulire, ndifunse nawo. Kodi simunapyole muyeso pamenepa?"

Sanayankhe. Anatulutsa envelopu ya bilu yamagetsi m'thumba la jekete, n'kuitembenuza. Kumbuyo kwake kunali manambala anayi olemba ndi pensulo, wina pansi pa mnzake: 2,240. 1,720. 1.30. Ndipo pansi penipeni, atazunguliza kawiri, 69.

"Ndapulumutsa dola imodzi, mwanawe," anatero, n'kubweza envelopuyo m'thumba.

## Zimene zinali pa envelopu

Anali akauntanti asanapume pantchito, ndipo masamu ake ndi a ku pulayimale. Matimu 12 kuchulukitsa ndi $260 ndi $3,120. Ndalama zonse za m'ligi ndi zimenezo, ndipo mitengo ya pa intaneti imawerengedwa kuti osewera 276 onse pamodzi akwane ndalama zomwezo. Koma mitengo imeneyo ndi ya ligi yoyambira pa ziro, mmene aliyense ali pamsika.

Ife tinali titasunga osewera 80. Malipiro awo onse pamodzi anali $880. Koma munthu susunga wosewera pokhapokha ali wotchipa kuposa mtengo wake weniweni, ndiye 80 amenewo akanabwerera kumsika akanagulidwa pafupifupi $1,400. Chotsani 880 pa 3,120: ndalama zimene zinalowa m'chipinda ndi $2,240. Chotsani 1,400 pa 3,120: katundu amene anali pa tebulo ndi wa $1,720. Ndalama zambiri, katundu wochepa. Gawani, mupeza 1.30. Chilichonse chimene pepala likuti ndi cha dola imodzi, tsiku limenelo chinali cha dola ndi masenti 30. Amene munali kumudzi kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mukudziwa mmene zimakhalira kulowa m'shopu uli ndi mitengo ya mwezi watha m'mutu.

Ndiye 52 kuchulukitsa ndi 1.30 ndi 67 ndi kanthu. Nanga 69 inachokera kuti? Apa ndi pamene ambiri amene amadziwa za inflation, kukwera kwa mitengo, amaphonyabe. Kukwerako sikugawidwa mofanana. Catcher (wowakha mpira kuseri kwa womenya) wachiwiri wa dola imodzi sadzagulidwa pa dola ndi masenti 30. Adzagulidwa pa dola imodzi, chaka chilichonse, ngakhale kutagwa chiyani. Pa osewera 196 amene anatsala pamsika, aliyense dola yake yoyamba ndi yokakamiza. Ukachotsa madola 196 amenewo mbali zonse ziwiri, umagawa 2,044 ndi 1,524, ndipo yankho limakwera kufika 1.34. Ndalama zowonjezera zonse zimathamangira kumtunda, kwa osewera ochepa amene aliyense akuwafuna.

Walaputopu ankadziwa mawu akuti inflation. Anali ndi kabokosi kake pa kompyuta, ataikamo 10 peresenti chifukwa ndi imene "imamveka bwino". Sanakhale pansi kuwerengera mndandanda wa osungidwa umene wapampando anatitumizira tonse kutatsala sabata. Mndandanda umenewo ndiwo chikalata chofunika kwambiri pa okushoni yonse, ndipo ambiri amangouyang'ana kuti aone amene wasowa.

## Mtengo umene sitinauseke

Ola linapita. Aaron Judge anapita pa 56, Mookie Betts pa 50, Juan Soto ndi Kyle Tucker chapompo. Onsewo, malinga ndi envelopu ija, anapita motchipa, chifukwa chipinda chinali chikadali ndi manyazi. Munthu aliyense akamva mtengo wapyola pepala lake ndi madola anayi kapena asanu ankabwerera m'mbuyo akudzitamandira mumtima kuti ndi wodziletsa. Mmodzi yekha amene anapyola malire popanda wodandaula ndi Cody Bellinger, koma ameneyo ndi msonkho wa kuno: anali atangosainanso ndi Cubs mu February, ndipo m'chipinda cha zipewa zabuluu wosewera wa Cubs satchipa.

Kenako ndinayang'ana bolodi. Matimu anayi anali akadali ndi ndalama zoposa $120 iliyonse. Akatswiri achinyamata monga Bobby Witt Jr., Julio Rodríguez ndi Corbin Carroll anali osungidwa, sanafike n'komwe pa tebulo. Akatswiri amene anafika anali atagulidwa. Anayi aja anali atagwira ndalama zodzaza manja, m'sitolo mutatsala mashelefu apansi.

Wina anatchula Randy Arozarena. Wosewera wabwino, ma home run 23 ndi ma base obedwa 22 mu 2023, ndipo anali outfielder womaliza pamsika amene amachita ziwirizi pamodzi. Pepala langa linkati $24. Kuikapo kukwera kuja, $32. Anayi aja anadzuka nthawi imodzi. 30, 33, 35, 38. Palibe anatsamira kumbuyo tsopano, chifukwa aliyense ankaona kuti akamuphonya, wotsatira ndi wa gulu lina lotsika. Walaputopu, khosi litafiira, anati 43, mthiko n'kugunda.

Palibe anaseka. 43 ndi nambala yaing'ono poyerekeza ndi 68, ndipo khutu limamva kukula kwa nambala, silimva kusiyana kwa mtengo ndi phindu. Koma Achikulire analipira dola imodzi kuchepera pa mtengo wa tsikulo, pomwe Walaputopu anapyola ndi 11. Choipitsitsa n'chakuti okushoni itatha, pa bolodi pansi pa dzina lake panatsala $19. Ndalama zimenezi sizipita kubanki, sizidikira chaka chamawa, sizigula kanthu mu April. Zimangofufutidwa ndi kansanza. Ikani 11 ndi 19 pamodzi, ndi $30 zimene akanawonjezera pa 57 yake ija n'kutenga wosewera aliyense amene akanafuna m'chipindamo.

Anthu okonda kudziletsa amatchula za tsoka la wopambana pa okushoni, mfundo imene mainjiniya atatu a kampani ya mafuta ya Atlantic Richfield analemba mu 1971: pamene ambiri akupikisana pa chinthu chosadziwika mtengo, wopambana nthawi zambiri ndi amene wachiyerekeza mopitirira. Ndi zoona. Koma kampani ya mafuta ikalephera kugula malo, ndalama zake zimakhala zake, ikhoza kukagwiritsa ntchito kwina. Ife ayi. Tiyenera kuwononga $260 yonse tsiku lomwelo, pa katundu amene akuchepa mphindi iliyonse. M'chipinda chotere tsokalo limagwera amene wadikira.

## Koma bondo linadukadi

Sindibisa. Acuña anasewera masewera 49 okha, ma home run 4, ma base obedwa 16. Arozarena anavutika, avereji yake yomenyera inathera pa .219 ndipo Tampa Bay inamugulitsa ku Seattle mu July, komabe anafika ma home run 20 ndi ma base obedwa 20. Mukaika awiriwa pa sikelo ya September, Walaputopu anapeza zambiri pa ndalama zake.

Chimene ndimakana ndi kuweruza mtengo wa mu March ndi nkhani ya mu May. Zoti Acuña anadukapo ACL ya bondo lamanja mu July 2021 tonse tinkazidziwa, ndipo zinali kale mu 52 ija. Wosewera wa 41 ndi 73 wopanda mbiri ya bondo akanalembedwa pamwamba kuposa apo. Judge naye anali atangotaya pafupifupi miyezi iwiri mu 2023 atagunda mpanda ku Dodger Stadium n'kuvulala chala chakuphazi. Anamenya ma home run 58 mu 2024, ndipo amene anamugula pa 56 pa gulu lathu amatchedwa wanzeru. Akanatembenuka mwayi, wanzeru akanakhala wina. Maganizo a awiriwa pa tebulo anali amodzi.

Pali chodandaula chimodzi chimene ndimachilemekeza: kuika gawo limodzi mwa magawo anayi a bajeti pa bondo la munthu mmodzi. Mu ligi yozama, ya osewera a American League okha kapena National League okha, chodandaulachi chili ndi mano, chifukwa katswiri akavulala wolowa m'malo mwake ndi munthu wokhala pa benchi. Koma ligi yathu imatenga mbali zonse ziwiri, matimu 30, ndipo timagula osewera 276 okha. Kunja kumatsala anthu osewera tsiku ndi tsiku. Jurickson Profar, amene San Diego inamusaina ndi $1 miliyoni basi, palibe anamugula pa okushoni yathu; Achikulire anamutola kwaulere mu April, ndipo anamenya ma home run 24 n'kupita ku All-Star Game, masewera a akatswiri osankhidwa. Dzenje la Acuña silinakwiririke lonse, koma silinali phompho.

Achikulire anamaliza pa nambala 2. Chinawanyamula ndi osungidwa awo: Witt pa $21, amene anamenya .332 ndi ma home run 32 n'kuba ma base 31, ndi Tarik Skubal pa $8, amene anapambana masewera 18 n'kutenga Cy Young, mphoto ya woponya wopambana onse. Phindu la timu yawo linali litapangidwa kale asanalowe m'chipinda. Ntchito yawo pa okushoni sinali kusaka zotchipa; inali kusandutsa $189 kukhala manambala ochuluka mmene kungathekere, m'mipando yochepa imene inatsala. Munthu wa osungidwa abwino amene akubwera kudzasakanso zotchipa akufuna kudya kawiri pa mbale imodzi, ndipo amatuluka ndi chenji.

## Osewera a dola imodzi

Apa ndi pamene keeper league imasiyana kwambiri ndi ligi ya chaka chimodzi, ndipo zinanditengera nthawi ya sizoni yonse ija kuti ndizione bwino pa timu ya Achikulire.

Katswiri wa $68 sudzamusunga. Pa $73 chaka chotsatira alibe phindu, amabwerera kumsika. Ndi waganyu wa chaka chimodzi. Koma wosewera wa $18 nayenso kawirikawiri sudzamusunga, chifukwa ndi munthu wodziwika kale, wa zaka 29 kapena 30, amene chaka chamawa adzakhalabe wa $18 pomwe malipiro ake akwera kufika 23. Timu yodzaza ndi anthu a 15 mpaka 20 imaoneka yokongola pa pepala, yopanda bowo, koma imafika mu October ilibe cholowa.

Osungidwa abwino amabadwira pansi, pa dola imodzi, ziwiri, zitatu. Ndipo munthu amene wagula akatswiri awiri kapena atatu okwera mtengo amakakamizika kudzaza mipando isanu ndi itatu ndi anthu oterewa. Achikulire anatenga Jackson Merrill pa $1, mnyamata wa zaka 20 amene San Diego inali itangomusamutsira ku center field. Anamenya .292 ndi ma home run 24. Mu 2025 anali wa $6. Ena asanu mwa a dola imodzi aja anatayidwa isanathe May, ndipo sizinapweteke, chifukwa munthu wa dola imodzi umamutaya osaganiza kawiri n'kutola wina amene wayamba bwino. Wa $18 akamavutika umamusunga mpaka July chifukwa cha manyazi a ndalama zako.

Ndiye njira imene Amereka amaitcha stars and scrubs, akatswiri pamwamba ndi zotolatola pansi, mu keeper league imagwira ntchito ziwiri. Imagula chaka chino, ikubzala cha mawa.

## Mmene ndimachitira tsopano

Mndandanda wa osungidwa ukafika ndimakhala nawo usiku umodzi, kuwerengera manambala a pa envelopu aja. Kenako akatswiri amene ali pamsika ndimawaika m'magulu, osati pamzere. Funso langa si lakuti wabwino kwambiri ndani, koma kuti m'gulu lapamwamba muli angati ndipo matumba olemera ndi angati. Akakhala asanu, matumba olemera asanu ndi awiri, ndiye kuti awiri atsala manja lende, ndipo wachisanuyo adzagulidwa mokwera kuposa woyamba. Ndimafuna woyamba kapena wachiwiri. Ndimamutchula ndekha, msanga, chipinda chikadali kukhulupirira mapepala ake.

Mu March 2025 ndinatchula Judge koyambirira n'kumutenga pa 61, mtengo wanga wolekera uli 66. Anamenya .331 ndi ma home run 53. Ndikunena izi podziwa kuti akanathyoka mu May, 61 ikanakhala yabwino chimodzimodzi.

Pa manambala pali kachinyengo kakang'ono. Anthu amaopa kudumpha khumi: 39 kupita 40, 59 kupita 60. Ndikaona kuti tikuyandikira pamenepo ndimayesetsa kuti 59 ituluke m'kamwa mwanga, mnzanga ndiye alimbane ndi 60. Kudumpha kwa Achikulire kuchoka pa 65 kufika 68 kunali kwa mtundu womwewo. Akanati 66, mayi uja akanati 67, chifukwa dola imodzi siopsa. Pa 68 anayenera kunena 69 akuona 70 patsogolo pake, ndipo anapeza nthawi yoganiza. Munthu akapeza nthawi yoganiza pa okushoni, kawirikawiri amasiya.

Kukweza mtengo wa wosewera amene sindikumufuna, n'cholinga choti mnzanga alipire zambiri, ndinasiya kukuchita pa akatswiri. Pa munthu wa $9 ukakodwa umangoseka. Pa wa $50 ukakodwa, pulani yonse yapita, ndipo amene wapindula ndi anthu khumi amene anangokhala phee.

Oponya ndi nkhani ina, ndipo apa ndimasiyana ndi envelopu. Masamu amati kukwera kuja kukhudze onse, koma chigongono cha woponya sichili ngati bondo la womenya. Spencer Strider anachotsa omenya 281 mu 2023, wina anamugula pa 44 tsiku lomwe lija, ndipo anaponya masewera awiri okha asanapite ku opaleshoni mu April. Gerrit Cole anachitidwa opaleshoni ya chigongono yotchedwa Tommy John mu March 2025 sizoni isanayambe. Chaka chilichonse oponya abwino amatulukira pansi, ndiye ndalama zanga zazikulu zimapita kwa omenya. Ena m'ligi mwathu amatsutsa, ndipo wina anapambanapo ndi oponya awiri okwera mtengo, koma ine mtima wanga sungapirire kuwerenga nkhani za MRI m'mawa uliwonse.

Chomaliza ndi bolodi ija. Mtengo waukulu umene munthu angatchule ndi ndalama zake zotsala kuchotsa dola imodzi pa mpando uliwonse wina umene sanadzaze. Ndimalemba nambala imeneyi ya aliyense m'mphepete mwa pepala. Ndikagula akatswiri anga ndimakhala duu kwa ola lathunthu, ena akumenyana pakati, n'cholinga choti kumapeto ndikhale ndi madola awiri kapena atatu pa mpando pomwe anzanga ali ndi imodzi. Nthawi imeneyo mawu oti "ziwiri" amagula mnyamata aliyense amene ukufuna.

## Ngakhale timu ili yofooka

Funso limene ndimalandira kwa anzanga atsopano m'ligi ndi lakuti, nanga ngati osungidwa anga ndi osauka ndipo chaka chino ndilibe mwayi, ndigulirenji katswiri wa $60?

Mugule ndithu, mwinanso awiri. Mu July, matimu atatu kapena anayi amene akulimbirana chikho amasowa tulo, ndipo chimene amafuna si wosewera wa $18. Amafuna dzina lalikulu, ndipo amalipira ndi anyamata awo otchipa. Amene anagula Judge pa 56 mu 2024 anali pa nambala 10 pofika pakati pa sizoni. Anamupereka kwa amene anali pamwamba posinthana ndi Paul Skenes wa $3, amene anali atayamba kuponyera Pittsburgh pa 11 May ndipo anamaliza chakacho ndi ERA ya 1.96 (avereji ya zigoli zimene woponya amalola; yochepa ndiyo yabwino). Wolandira Judge anatenga chikho. Wogulitsa anakhala ndi Skenes pa $8 mu 2025, chaka chimene anatenga Cy Young.

Malonda amenewa ndi amene akutigawanitsa panopa. Matimu apakati, a nambala 4 mpaka 7, amadandaula kuti amadzuka m'mawa wina n'kupeza wapamwamba wawonjezera akatswiri awiri usiku umodzi, mpikisano watha. Akunena zoona. Ndipo malonda aliwonse otere amakankhira osewera otchipa kwa amene adzawasunge, ndiye kukwera mitengo kwa chaka chotsatira kumakula, akatswiri amadula kwambiri, ofooka amawagulanso kuti adzawagulitse mu July. Gudumu limangozungulira.

Wapampando wabweretsa ganizo loti pakati pa sizoni malipiro onse a timu asapyole $330. Ine ndinavotera kuti inde. Achikulire anakana, akuti munthu amene wasunga anyamata ake zaka ziwiri ali ndi ufulu wowagulitsa tsiku limene wafuna. Mavoti anathera 7 kwa 5, koma malamulo athu amafuna 8 kuti chinthu chisinthe, ndiye tikambirananso mu February, mndandanda wa osungidwa usanatsekedwe.